Tsiku Limene Amastandi Anazula Pulagi

Mkazi wanga anandiuza mu Ogasiti kuti ikafika Disembala akupita kumudzi ndipo ku Joni sadzabweranso. Ananena akuchapa ovolosi yanga m'beseni, maso ali pa sopo. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amene anagwirapo nane ntchito akuuzani zimenezo, koma tsiku limenelo ndinasowa poyambira. Munthu wokalipa umamubwezera. Uyu analankhula ngati akunena kuti mchere watha.

Tinkakhala ku Thokoza, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, wamasiye, amene tinkawatchula kuti amastandi monga amatchulira eni nyumba kumeneko. Kunali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kuphana kuja kwa pakati pa anthu a m'mahositelo ndi a m'lokeshoni kunali kutatha, koma nyumba zina za mumsewu waukulu zinali zikadali ndi mabowo a zipolopolo, zina zopanda denga. Ine ndinkakweza ndi kutsitsa makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Isando. Ndinkanyamuka m'mamawa, takisi mpaka ku Germiston, sitima mpaka ku Isando, madzulo chimodzimodzi.

Chimene chinamutopetsa mkazi wanga ndinkachidziwa. Ndinamuitanitsa kuchokera ku Ntcheu kumayambiriro a chaka chomwecho, ndipo nyengo yozizira italowa bambo ake anamwalira. Uthenga unabwera ndi munthu wa kwathu woyendetsa thiraki, maliro ataikidwa kalekale, ngakhale kumeta anali atameta. Iye analira chapansipansi, nkhope atakwirira m'pilo, ine m'mawa mwake ndinapita kuntchito. Sitinauze munthu. Mapepala ake okhalira m'dzikomo anali atatha, ndipo masiku amenewo ife obwera tinali ndi lamulo lathu: usadzionetse, usachite phokoso, usasonkhanitse anthu, chitseko chizikhala chotseka. Amalawi amene ndinkawadziwa anali omwazikana, wina m'mafamu a ku Nigel, wina m'dimba la mzungu ku Kempton Park. Ndiye maliro a apongozi anga anathera m'pilo.

Kuyambira pamenepo kunja ankangotuluka kukatunga madzi pampopi. Chizulu sankachidziwa. Amastandi akamupatsa moni, iye ankangogwedeza mutu n'kuthawira m'nyumba. Ine ndikabwera ankandipatsa madzi osamba, chakudya, basi. Ndinayesa kukalipa, sizinathandize. Ndinayesa kumugulira nsapato, anathokoza n'kuziika pansi pa bedi.

Makina a gemu anabwera m'nyumba mwathu nthawi imeneyo. Kuntchito kunali mnzanga woyendetsa folokilifiti, Msutu wa ku Nigel, wamimba yake, wokonda kuseka. Mwana wake anali m'kalasi lomaliza ku sekondale ndipo mabuku anali atawaiwala chifukwa cha gemu. Bamboyo analanda makinawo, koma kulikonse kumene wabisa, mwana ankawapeza. Tsiku lina anangondipatsa jumbo pageti.

"Malawi, tenga," anatero, poti kuntchito ankatitchula ndi dzina la dziko. "Udzandibwezere mayeso akatha. Ku Thokoza yekha safikako, amaopa."

M'jumbomo munali makina, disiki, kogwirira m'manja kamene amati padi, ndi kakhadi kosungira pamene wafika. Ine ndinkayembekeza mpira kapena nkhonya. Ayi. Inali gemu ya mtundu uja woti amakupatsa munthu, uziyenda naye mudzi ndi mudzi, kulankhula ndi anthu, kumenyana ndi zilombo kutchire, mphamvu n'kumawonjezeka, nkhani n'kumapitirira. Munthu wangayo anali mlenje. Mtsinje wa kwawo unali utauma chifukwa mfumu ina inautseka kumapiri, ndiye iye anali pa ulendo wokautsegula. Anali ndi anzake awiri, mayi woponya mivi ndi mkulu wina woyendetsa ngolo ya abulu amene ankawanyamula.

Kumenyanako ndinakukonda. Munthu ukakhala tsiku lonse kapitawo akukutukwana iwe osamuyankha, kupeza chilombo choti uchiteme n'kosangalatsa. Koma zolankhula zinali zambiri kwabasi. Ukangolowa m'mudzi, aliyense ali ndi dandaulo lake, mawu thoo pagalasi la TV. Ine Fomu 4 ndinalemba, Chingerezi ndimachimva, koma sindinapite ku Joni kukawerenga. Ndinkangodina batani, dii dii dii, mawu n'kumadutsa, ine ulendo kutchire.

Loweruka lina masana ndikusewera, mkazi wanga ali pabedi kumbuyo kwanga akusoka, ndinangomva:

"Munthu wanuyu analeredwa ndi ndani?"

Ndinatembenuka. Panali patapita nthawi yaitali asanayambitse yekha nkhani.

"Walowa m'nyumba ya eni osaodira," anatero. "Watsegula bokosi mwiniwake ali pomwepo. Watenga botolo. Mwiniwake akulankhula, iye watuluka."

"Ndi gemu, amayi. Ndi mmene anapangira."

"Ndiye anapanga mbava."

"Botololi ndi mankhwala. Popanda limeneli ndikafa kutchire."

"Apemphe."

"Palibe batani lopemphera!"

"Nanga mayiyo amanena chiyani?"

Ndinabwerera m'nyumba muja, mayi wa m'gemu uja n'kuyambiranso. Ndinayang'ana mothamanga.

"Akuti tipite kumpoto."

"Mawu onse aja, odzaza galasi lonse, akuti tipite kumpoto basi? Ine Sitandade 8 ndinafika, abambo. Ndaona pali mawu akuti mwana."

Ndinawerenga bwinobwino. Mayiyo mwana wake anapita kukafuna madzi kumpoto ndipo sanabwerere. Ankatipempha kuti tikamuona timuuze kuti kunyumba akumudikira.

"Mwaona?" anatero mkazi wanga. "Munthu ali pa mavuto, inu mwamubera mankhwala."

Ndinene mosabisa: sindinasinthe chifukwa choti nkhani ya mayiyo inandikhudza. Ndinasintha chifukwa mkazi wanga anali atasiya kusoka n'kusendera kutsogolo. Ndinaganiza kuti ngati kabokosi aka kangamulankhulitse, kalankhule mpaka Disembala, mwina aiwala za basi yopita kumudzi.

Tinagawana ntchito. Padi inali imodzi. Kutchire ndinkagwira ine, tikafika m'mudzi ndinkamupatsa iye. Mmene ankayendera m'mudzi, ine mutu unkandiwawa. Ankapatsa moni aliyense, wogulitsa, mlonda, mwana wothamangitsa nkhuku, ngakhale galu. Pakhomo lililonse ankaima kaye n'kunena mokweza kuti "Odi!" kenako n'kulowa. Mabokosi a anthu sankatsegula, ndinkachita kubwerera ndekha iye akatuluka kukaanula zovala. Ine ntchito yanga m'mudzi inali kumasulira, ndipo ndikadumpha mzere ankadziwa.

Mwa anthu onse a m'gemu ankakonda mkulu wa ngolo uja. Anali munthu wochokera kutali, wodandaula, nthawi zonse nkhani za kwawo ndi zoti ulendowu ukatha akubwerera. Chingerezi chake chinali chouma, ndiye pomasulira ndinkamupatsa kalankhulidwe ka akuluakulu a kwathu. Ndinkakulitsa mawu n'kunena kuti, "Ana inu, chakudya cha kuno n'cha mbalame ndithu. Kwathu munthu akadya amatuluka thukuta." Zina ndinkawonjezera zanga, zoti pagalasi panalibe. Mkazi wanga ankamwetulira, nthawi zina n'kumuyankha: "Mukunena zoona, agogo." Mwina kuwonjezerako kunapitirira muyeso. Ndinamupanga mkuluyo kukhala munthu wa ku Ntcheu osazindikira kuti zidzatipeza patsogolo.

Anthu opanga magemu a mtundu umenewu ali ndi vuto, ndipo mpaka lero sindinaone amene analithetsa. Nkhani imafuna uikhulupirire. Gemu imafuna uwerengere mphamvu zako. Ziwirizi sizigwirizana nthawi zonse. Pena amakulanda masewerawo n'kumakuonetsa anthu akulankhula kwa nthawi yaitali, iwe padi ili m'manja ngati munthu wogwira chipewa pamsonkhano. Pena nkhani ikuti thamanga, nyumba ikupsa, koma ukathamangadi ukafika ulibe mphamvu, akupha. Anthu ena zimenezi amakangana nazo m'mutu mwawo. Kwathu kunali anthu awiri enieni m'mphepete mwa bedi, kulimbirana padi.

Zinafika poipa mkulu wa ngolo atadwala. Tinafika naye m'tauni ina yachilendo, sing'anga wa kumeneko n'kunena kuti tithamange kuphanga la kuphiri tikatenge muzu wa mankhwala, nthawi yatha. Ine ndinadziwa kuti kuphangako kuli chilombo chachikulu, ndipo anthu athu anali ofooka. Njira yake ndi yodziwika: umazungulirazungulira kutchire, kupha tizilombo ting'onoting'ono mpaka mphamvu zikwere, kenako n'kupita. Ndinayamba kuzungulira.

"Mukupita kuti?" anafunsa.

"Ndikulimbitsa anthu."

"Munthu ali gone akubuula, inu muli kutchire kupha achule?"

"Sangafe! Gemu imadikira. Ngakhale titapita chaka chamawa tidzamupeza akubuula chomwecho."

"Mwamufunsa?"

"Amayi, ine ndikudziwa zimene ndikuchita."

"Sing'anga wati tithamange. Mwamasulira nokha. Kapena munanama?"

Tinapita. Chilombo chija chinali ngati nkhanu yaikulu kuposa nyumba. Chinatimenya kamodzi, tonse pansi. Tinayambiranso, pansi. Ndinatukwana m'Chichewa, m'Chizulu, ndi m'zilankhulo zina zimene ndinatola kuntchito. Padi ndinaiponya pabedi, osati pansi, chifukwa ngakhale nditakwiya ndinkakumbukira kuti ndi ya eni. Mkazi wanga anangoti, "Yesaninso, mwina chatopa."

Ndiye ndinayamba kuzembera. Akapita kukasamba, ine kutchire kupha achule. Akakhala pamzere pampopi, ine kutchire. Ndikamva mapazi ake, ndinkathamangitsa mlenje wanga kubwerera pakhomo la phanga, n'kukhala ngati ndikuganiza mozama. Koma anandigwira chifukwa cha chipewa.

"Chipewa chachitsulocho wachitenga kuti mlenjeyu? Dzulo analibe."

"Wachitola."

"Pakhomo la phanga pomwepa?"

"Anthu amataya zinthu, amayi."

Anangondiyang'ana monga amayang'anira munthu amene wabwera mochedwa kuchipatala atanyamula nthochi.

Tsiku lenilenilo linali Loweruka la mu Novembala, masana, kukutentha. Denga lathu linali lamalata, ndiye chitseko tinasiya chotsekula pang'ono. Amastandi anali pabwalo akukanda ufa wa zitumbuwa zawo zimene ankagulitsa pageti. Ndinalowa m'phanga muja, ndipo ulendo uno zinayenda. Mayi wa mivi anagwa, mankhwala anatha, mlenje anatsala ndi kamoyo kochepa ngati ulusi, koma nkhonya yomaliza inali yanga. Nkhanu ija inasweka. Ndinadumpha n'kugunda mutu padenga.

Chinthu chimodzi chinatsala. M'gemu imeneyo sunkasunga pamene wafika paliponse ayi. Unkayenera kufika pamalo ena owala, m'nyumba ya alendo ya m'tauni, n'kuseva pakakhadi kaja. Ukazimitsa usanafike pamenepo, zonse zimene wachita zapita. Koma titangotenga muzu uja, gemu inandilanda ulamuliro n'kuyamba kuonetsa yokha. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kumasulira.

Tinafika mochedwa. Opanga gemuyo anakonza choncho, kaya uthamange kaya uchedwe. Mkulu wa ngolo anatiuza kuti abulu ake tisawagulitse kwa munthu wankhanza. Anatiuza dzina la mudzi wake, kuti tikadzadutsako tidzanene kuti anali m'njira yobwerera. Kenako anatseka maso. Anthu a m'tauniyo, osamudziwa n'komwe, anamuika m'manda kuseri kwa mpanda n'kuikapo mwala. Kanyimbo kanalira pang'ono. Mayi wa mivi n'kunena kuti tiyeni, njira ikadali yaitali. Basi, maliro atha. Padi inayambanso kugwira ntchito. Nyumba ya alendo inali tsidya la msewu, ndikuiona.

"Imani," anatero mkazi wanga.

"Ndingoseva kaye."

"Musadine. Pano pali maliro."

"Amayi, chilombo chija ndalimbana nacho masabata onsewa. Ndingodutsa msewu basi."

"Munthu wafera kwa eni. Palibe wagona pasiwa, palibe waimba, palibe wafunsa kuti kwawo amva bwanji. Amuika ngati galu, inu mukuti tiziyenda?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Sindinapeze mpata. Mkazi wanga anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kukuwa mfuu weniweni wa maliro, uja umamveka tsidya la dambo. "Bambo anga ine! Bambo anga mwandisiya kwa eni ine! Mayo!"

Ine chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi chitseko. Ndinadzuka kuti nditseke, koma amastandi anali atafika kale, manja ali mbuu ndi ufa. Anali mayi wathupi, akaima pakhomo kuwala konse kunkatha.

"Ubani oshonile, makoti?" anafunsa, kutanthauza kuti wamwalira ndani, mkamwana.

Ndinkafuna ndinene kuti palibe, ndi za pa TV, musadandaule. Mkazi wanga ananditsogolera. Ndi Chizulu chake cha mawu owerengeka anadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Ubaba."

Amastandi anatembenukira kwa ine. Zotsatirazi analankhula m'Chizulu, ndipo ndinamva zonse bwinobwino.

"Liti?"

"Nthawi yozizira ija, mayi."

"Nthawi yozizira? Mwana uyu bambo ake anamwalira nthawi yozizira, pabwalo panga pano, ine osadziwa? Ine ndimati ndi wamwano, sandiyankha moni. Iwe, uli ndi mutu?"

"Mayi, nkhani ya mapepala. Sitinkafuna anthu..."

"Ndakufunsa mapepala ine? Maliro amafunsa mapepala?"

Kenako anayang'ana TV. Kanyimbo ka m'tauni kanali kakulirabe, mlenje wanga ataima pakati pa msewu. Kumeneko m'nyumba ya maliro TV siyankhula. Amastandi anawerama, n'kugwira chingwe ndi dzanja laufa lija, n'kuzula pulagi.

Galasi linachita bii. Nkhanu ija, mankhwala onse aja, mutu wanga umene ndinagunda padenga, zonse zinapita. Ndikukuuzani, akanakhala mwamuna tikanagwirana malaya. Mawu anafika pakhosi.

"Wena, thula," anatero osandiyang'ana n'komwe, kutanthauza kuti iwe, khala chete. "Tulutsa bedi ili panja. Matiresi akhale pansi."

Ndinatulutsa bedi.

Amastandi anaphimba TV ndi nsalu, anayatsa kandulo pakona, anamukhazika mkazi wanga pamatiresi n'kumufunditsa bulangete lawo ngakhale kunkatentha choncho. Anatuluka n'kuitana kudutsa mpanda. Posakhalitsa amayi a mumsewu wathu anayamba kufika, wina ndi ketulo, wina ndi mbale ya masikono, wina ndi buku la nyimbo. Ankavula nsapato pakhomo, kulowa, kukhala pansi mothinana m'kachipinda kathu kaja. Ambiri a iwo anali ataika ana kapena amuna awo pa zaka za kuphana zija, ndiye ntchito imeneyi ankaidziwa. Sanafunse kuti malemuyo anali ndani kapena chifukwa chiyani tikulira miyezi itapita. Anayamba kuimba. Nyimbo ina mang'ombe ake anali ofanana ndi ya kutchalitchi kwathu, ndipo ndinamva mawu a mkazi wanga akulowa m'Chichewa pakati pa Chizulu ndi Chisutu.

Ine anandithamangitsira panja, kwa amuna. Tinakhala pa makireti pafupi ndi bedi langa limene linali litatsamira mpanda. Panabwera mkulu wina wa nyumba yoyandikana, amene chifikireni changa sankandiyankha moni. Anakhala pambali panga, anavula chipewa, n'kunena m'Chichewa chopotoka kuti, "Achimwene, pepani." Ndinadzidzimuka. Anati anagwira ntchito m'migodi ndi anthu a kwathu ali mnyamata, ndipo mmodzi anamukoka n'kumupulumutsa mwala utagwa mumgodi. Mawu a Chichewa anali atatsala nawo ochepa, ena otukwana, ndipo anandiuza onse.

Lamlungu nkhani inali itayenda. Kunabwera bambo wina Myao wa ku Mangochi, Msilamu, wogulitsa zovala pokwerera matakisi, pamodzi ndi mkazi wake. Ankakhala misewu iwiri yokha kuchokera kwathu, ife osadziwa, iwonso osadziwa. Nawonso chitseko chawo chinkakhala chotseka. Mkazi wake analowa n'kugwada pamatiresi, n'kuyamba kupepesa m'chilankhulo chathu, mkazi wanga n'kuyambiranso kulira. Bamboyo anandiyang'ana n'kuti, "Achimwene, mwachita molakwa kusatiuza." Ndinamufunsa kuti ndikanamuuza bwanji munthu wobisala ngati ine ndemwe. Anaseka, n'kuvomera.

Lolemba ndinabwezeretsa bedi n'kupita kuntchito. Masiku otsatira mkazi wanga anasintha. Ndikabwera ndinkamupeza pageti akuthandiza amastandi kukazinga zitumbuwa, akuphunzira mayina a zinthu. Lachinayi ankapita nawo ku mapemphero a amayi. Mayi wa ku Mangochi uja anamuonetsa kumene amagulitsa usipa ndi nyemba za kwathu. Ine mumtima ndinati zatheka, za basi zatha.

Nsalu ija mkazi wanga anaichotsa yekha pa TV. Nditayatsa, kakhadi kanatibwezera pamene tinasungira komaliza. Mkulu wa ngolo anali pabedi lake m'nyumba ya sing'anga, ali moyo, akubuula.

Mkazi wanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kuseka kwa mtundu umenewo ndinali ndisanakumve chibwerereni chake.

"Adzuka agogo!"

"Ndinakuuzani kuti gemu imadikira."

"Ndiye chilombo chija nachonso chadzuka?"

"Chadzuka. Funsani amastandi anu."

Ndinamufunsa ngati tingomusiya choncho mkuluyo, tisapitenso kuphanga, azingokhala moyo. Anaganiza kaye. Anati ayi, kumusiya munthu akubuula mpaka kalekale si chifundo. Ndiye ndinakamenyananso ndi nkhanu ija, ndipo ulendo uno anandilola kupha achule poyera, iye akundiwerengera mankhwala. Titafika pa imfa ija anatenga padi. Anamuimika mlenje pafupi ndi mwala kwa kanthawi. Kenako anamudutsitsa msewu yekha, anaodira pakhomo la nyumba ya alendo, n'kundipatsa kuti ndiseve.

Gemuyo sitinaimalize. Mayeso a mwana wa mnzanga anatha, ndinabweza jumbo lake pageti pomwe paja. Ngati mtsinje uja unatsegulidwa, ine sindikudziwa.

Tsiku lomwelo madzulo ndinapeza chikwama chili pabedi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinakuuzani kuti Disembala ndikupita."

"Nanga zonsezi? Amastandi, anzanu, mapemphero?"

"Zimenezo zandithandiza. Koma manda a bambo anga sindinawaone."

Apa ndiye ndinakalipa. Ndinanena za mtengo wa ulendo, za malire, za mmene ndinavutikira kumubweretsa, zambirimbiri. Anandisiya ndimalize, akupinda zovala. Amastandi anagogoda khoma ndi chipande n'kukuwa kuti ndichepetse, pabwalo pawo si pokwerera matakisi.

Ndinamuperekeza kokwerera mabasi m'tauni. Amayi a mumsewu anali atamupatsa bulangete latsopano kuti akapatse mayi ake, chipepeso chochokera kwa anthu amene sanawaonepo. Atakhala pampando ndinagogoda zenera.

"Ndidikire kapena ndisadikire?"

"Ndikaone kaye manda," anatero.

Khirisimasi ndinadya ndekha. Januwale yense kunalibe uthenga. Munthu wa thiraki uja ndinakumana naye, anati anamuona kumudzi akupalira chimanga ndi mayi ake, wanenepa. Mawu amenewo anandilasa. Munthu amene akupalira chimanga amafuna kudzaona chikucha. Kuntchito ndinakangana ndi kapitawo, ndinakangana ndi kondakitala wa sitima, ndinakangana ngakhale ndi mnzanga wa folokilifiti amene sanandilakwire chilichonse. Amastandi ankandibweretsera chakudya m'mbale yophimba, n'kuima pakhomo mpaka nditayamba kudya. Ndikawafunsa ngati akuganiza kuti abwera, ankati, "Ukanakhala iwe, ukanabwerera kwa mwamuna wolusa ngati iwe?" Kenako ankatenga mbale yawo n'kumapita.

Amastandi aja anamwalira zaka zapitazo. Ndinawathokozapo ali moyo, kangapo, ngakhale ankangondiuza kuti ndisiye phokoso. Mnzanga wa ku Nigel nayenso ndinamuthokoza, iye osamvetsa kuti chifukwa chiyani munthu akuthokoza chonchi pa gemu yoti sanaimalize. Opanga gemuyo sindiwadziwa, ndipo ndikanakumana nawo ndikanayamba ndawakalipira chifukwa choika malo osevera kutali ndi chilombo. Koma mkulu wa ngolo uja anamulemba bwino. Nkhanu ija ndinaigonjetsa kawiri ndipo kamenyedwe kake ndinaiwala. Zimene ananena mkuluyo zokhudza abulu ake ndimazikumbukirabe.

Mkazi wanga anabwera chakumapeto kwa Febuluwale, tsiku lamvula. Ndikulowa pageti nditanyowa, ndinamva mawu awiri m'khitchini mwa amastandi akukangana za kaphikidwe ka chigwada, wina m'Chizulu, wina m'Chizulu chothyokathyoka. Ndinaima pamvula pomwepo mpaka amastandi anandiona pazenera n'kukuwa kuti ndilowe ndisanadwale n'kuwavutitsa.

Patebulo panali katundu. Chitenje cha amastandi chochokera kwa apongozi anga aakazi. Nsinjiro za amayi a mapemphero. Mtedza wa mkulu wa kumigodi uja. Thumba la ufa woyera la banja la ku Mangochi. Ndinayang'ana zonse, ndinasuzumira ndi m'chikwama momwe.

"Nanga zanga zili kuti?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zamatope.

"Ndabwera ine," anatero. "Mukufunanso chiyani?"